Okhulupirira ndi Okhulupirika: Mbiri ya Mau a Mulungu m'Cigwa ca Shire

Aphunzitsi ndi akatekisti a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akasonkhana, dandaulo lao likhala limodzi. Anthu adzaza nyumba ya Mulungu tsiku Lamulungu, nayimba, nabvomera mau onse a katekisma. Koma mwana akadwala pakati pa sabata amuka naye kwa woombeza ula, mvula ikacedwa asonkha nao nsembe ya ku Khulubvi, ndipo mwamuna akafa akakamiza wamasiye mwambo wa kupita kufa. Ena ayesa kuti bvuto ili ndi la masiku ano, nati oyamba aja sanali otere. Koma mbiri ya cigwa cino itiuza zina. Kusiyana kwa cibvomerezo ca pakamwa ndi macitidwe a tsiku ndi tsiku kunaoneka kuyambira pamene Mau anafika pa mtsinje wa Shire, ndipo kunayamba kuoneka mwa iwo amene anadza nao Mauwo. Tifuna kulongosola mbiriyo, kuti wophunzitsa adziwe cimene alimbana naco. Koma tiyambe ndi mau awiri a cinenero cathu.

I. Za aneni awiri a tsinde limodzi

Mneni wakuti kukhulupirira ndi mneni wakuti kukhulupirika aphuka pa tsinde limodzi, nasiyana pa mathero pokha. Mathero a -ira aloza kwa wina: ndikhulupirira Mulungu, ndikhulupirira mbale wanga, ndiko kunena kuti mtima wanga watsamira pa iye. Mathero a -ika anena za mkhalidwe wa cinthu cimene, monga tinena kuti njira yaoneka, munda walimika, mau amveka. Potero munthu wokhulupirika ndiye amene anzace akhoza kumtsamira osagwa. Wokhulupirira adziwika ndi mau a pakamwa pace. Wokhulupirika adziwika ndi umboni wa anansi ace. Munthu akhoza kuimirira pa mpingo nadzicha wokhulupirira, koma dzina linalo sadzicha yekha. Amcha ndi mudzi.

Comweconso ndi mneni wakuti kumva. Mwana wosamva sali wogontha m'kutu iai; ndiye amene mau amlowa koma sacita. Mau akuti mwambo atanthauza ciphunzitso ca akulu, natanthauzanso makhalidwe a wophunzitsidwayo. Cifukwa cace wocita mwano timucha wopanda mwambo, angakhale analangidwa kawiri kawiri. Tiona tsono kuti aMang'anja sanalekanitsa kudziwa ndi kucita. M'cipembedzo ca makolo munalibe mafunso ndi mayankho oloweza pamtima. Munthu anayesedwa ndi macitidwe ace pa maliro, pa munda, pa mlandu ndi pa nsima. Pamene alendo anadza ndi Mau atsopano, eni dziko anachera khutu ndithu, koma makamaka anapenya nchito za manja ao.

II. Bishopu Mackenzie ndi njala ya kwa Chibisa

David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire caka ca 1859, napalana ubwenzi ndi mfumu Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Masiku amenewo malonda a akapolo anali kupasula midzi. M'mwezi wa Julaye 1861 anabweranso pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi anzace a Universities' Mission. Pokwera ku mapiri, pa mudzi wa Mbame, anakomana ndi ulendo wa akapolo, namasula anthu 84 m'magoli; ndipo omasulidwawo ndiwo anakhala ciyambi ca mudzi wa mishoni ku Magomero.

Nchito imeneyo inali yokoma, ndipo mbiri yace inabuka. Koma posacedwa Bishopu, pomva madandaulo a mafumu a ciMang'anja, anatenga mfuti, natsogolera nkhondo pa aYao, natentha misasa yao. Mtima wace unali wa cifundo, pakuti anayesa kuti alanditsa ozunzika. Koma pambuyo pace anzace anazindikira kuti aYao ambiri anali othawa nkhondo iwonso, ndi kuti aMang'anja ena nao anagulitsa anthu. Amishoniwo anali asanadziwe kulankhula bwino cinenero ca dziko. Potero anthu, asanamve Uthenga m'mau ao, anali ataona kale kuti mlaliki wa mtendere adziwa kutentha mudzi.

Bishopu anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, pa cisumbu ca pa matsiriro a Ruo, mankhwala ace atamira m'madzi pogubuduka bwato. Ndipo anaikidwa pafupi ndi Chiromo. Otsala anacoka ku Magomero m'mwezi wa Epulo, natsikira kwa Chibisa. Pamenepo kunagwa cirala ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, imene inatha midzi yambiri ya m'cigwa. Mitembo inayandama pa Shire kufikira ng'ona zinakhuta. Amishoni anagawana ndi anthu ao cakudya cocepa cimene anacipeza, nadwala pamodzi nao. Henry Scudamore anamwalira pa 1 Januwale 1863, ndi Dotolo John Dickinson m'mwezi wa Marici, ndipo manda ao ali komweko. Apa cikhulupiriro ndi macitidwe zinayenda pamodzi, pakuti anthu awa sanathawa.

Koma Bishopu waciwiri, William Tozer, atafika caka ca 1863, anaona kuti mishoni singakhale pamenepo. Anaisamutsira ku phiri la Morambala, ndi caka ca 1864 ku Zanzibar. Iye anafuna kutenga anyamata okha, ndi kusiya akazi ndi ana akazi omasulidwa aja. Horace Waller anakana kutaya anthu amene anawalonjeza cisungo, nawatenga yekha, nafika nao ena ku Cape Town. M'zaka zitatu zokha cigwa cinaona Akristu otentha midzi, Akristu ofera pakati pa anjala, ndi Akristu okangana ngati lonjezo kwa mkazi wosauka liyenera kusungidwa. Onsewo anabvomera cikhulupiriro cimodzi.

III. Makololo ndi imfa ya Chipatula

Livingstone anasiya kwa Chibisa anthu ace owerengeka amene anadza nao kucokera kumtunda kwa Zambezi, ndiwo ochedwa Makololo. Anthu awa anayenda nthawi yaitali ndi mmishonale, namva mapemphero ace, nadzicha anthu a Angelezi. Anali ndi mfuti, ndipo njala itafooketsa eni dziko, iwo anadzitengera ufumu. Kasisi, Mlauli, Chipatula, Masea, Katunga ndi anzao anagawana cigwa, ndi mphamvu ya Lundu, mfumu yaikuru ya aMang'anja, inathyoka. Tisawanamizire: anatsekereza ogula akapolo, ndipo midzi yao inadzala ndi othawa nkhondo. Koma analamulira mwa nkhanza, nadzikundikira akazi, naweruza mirandu ndi mwabvi. Pamene mishoni ya Church of Scotland inamangidwa ku Blantyre caka ca 1876, mafumu omwewa anatumiza ana ao ku sukulu, osasintha kanthu m'mabwalo mwao.

Ku Blantyre komweko zinthu sizinayende bwino poyamba. Amishoni oyamba anadziyesa oweruza a dziko. Anakwapula akuba, kotero kuti wina anafa nayo mikwapulo, ndipo caka ca 1879 anaombera mfuti munthu wina pa mlandu wa kupha. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula izi m'kabuku caka ca 1880. Mpingo wa ku Scotland unafunsa mlanduwo, nucotsa mtsogoleri Duff MacDonald pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick. Ici cinali coyenera, pakuti Mpingo unadziweruza wokha. Ndipo David Clement Scott, amene anadza caka ca 1881, anayenda njira yina, nalemekeza anthu ndi cinenero cao, natisiyira buku lalikuru la mau a ciMang'anja la caka ca 1892. Koma Fenwick sanacoke m'dziko. Anasanduka wamalonda a minyanga ya njobvu. Caka ca 1884 anakangana ndi Chipatula pa za malondawo, namuombera, namupha. Ndipo anthu a mfumu anamupha iyenso. Munthu wa m'mudzi sanadziwa za makalata a ku Edinburgh omcotsa nchito. Kwa iye wakupha mfumu anali mzungu uja wa ku mishoni.

IV. Khulubvi ndi funso la mvula

Pafupi ndi Nsanje, kumene Azungu anakucha Port Herald, kuli nkhalango ya Khulubvi, malo opatulika a Mbona. Akulu asimba kuti Mbona anali wobvumbitsa mvula, amene adani ace anamlondola, namupha, namdula mutu. Mwazi wace unayenda ngati mtsinje, ndi mutu wace unaikidwa m'nkhalangomo. Anammangira kacisi, nampatulira mkazi wochedwa Salima, ndipo mafumu anatumiza nsaru yakuda ndi mitulo yina. Pa nthawi ya cirala, dzombe kapena cigumula, mzimu wace unagwira munthu, nabwebweta, nadzudzula zolakwa za mafumu ndi za anthu wamba. Tizindikire bwino apa: cipembedzo ici sicinali ca munthu payekha. Cinali ca dziko lonse, ca mvula ndi nthaka ndi mtendere wa midzi.

Amishoni a South Africa General Mission anamanga ku Lulwe caka ca 1900, ndi pambuyo pace ku Chididi, m'mapiri a kumadzulo. Ansembe a Montfort anamanga ku Port Herald caka ca 1921. Anatsegula masukulu, nabatiza ambiri. Wobatizidwa anaphunzira za kukhululukidwa kwa zoipa zace, za moyo wosatha, za kuleka mitala ndi kuledzera. Ndipo izi zonse anazimva monga nkhani ya iye yekha ndi Mulungu wace. Koma mapira akafota m'munda, funso silinali la munthu mmodzi. Mudzi wonse unasonkha, ndipo wokana kusonkha anayesedwa womanga mvula ndi wosakonda abale ace. Wansembe Matthew Schoffeleers, amene anafika m'dziko muno caka ca 1955, nalemba mbiri ya Mbona m'buku lace la River of Blood la caka ca 1992, anapeza kuti anthu ena anacha Mbona Yesu wakuda, nati Mulungu ali ndi ana awiri, wina wa Azungu ndi wina wa eni dziko. Ciphunzitso ici ncolakwa, ndipo mkatekisti ayenera kucitsutsa. Koma ayeneranso kumva cimene cinacibala. Anthu anaona m'Uthenga munthu wosalakwa wophedwa ndi adani, namzindikira. Koma sanauzidwe momveka kuti Iyeyu asamalanso mvula ndi munda.

M'zaka za m'ma 1930 ufumu wa Tengani, umene unali ndi udindo waukuru pa kacisi wa Mbona, unagwera Molin Tengani, Mkristu wa South Africa General Mission. Iye anakana kucita miyambo ya ku Khulubvi imene makolo ace anaicita. Kumapeto kwa zaka zomwezo madzi a Shire anakwera, namiza madimba ambiri, ndipo ulimi wa thonje, umene unali cuma ca cigwa, unabwerera m'mbuyo. Caka ca 1949 kunagwa njala. Pambuyo pace Boma la Angelezi linakhwimitsa lamulo lakuti anthu alime pa mitumbira, ndipo okana analipitsidwa, ena namangidwa. Alimi a m'cigwa anati nthaka yao ya cidikha ndi dzuwa lace sizifuna malimidwe otere. Koma mfumu Tengani inaumiriza lamulolo kolimba. Anthu anacha nyengo iyo nkhondo ya mitumbira, ndipo mau ocokera kwa Mbona anatsutsa mitumbira, naima ndi alimi.

Sitikaika kuti mfumuyo inali yoona m'cibvomerezo cace, ndipo kukana nsembe za mizimu pamaso pa pfuko lonse kunafuna kulimba mtima. Koma taonani cimene mlimi anaona: mfumu ya Cikristu iri pamodzi ndi amesenjala ndi ndende, ndi mzimu wa m'nkhalango uli pamodzi ndi iye wosauka. Nkosadabwitsa kuti angakhale obatizidwa anatsamira kumene anamva mau owanenera.

V. Wamasiye ndi mwambo wa kupita kufa

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 aSena ambiri anaoloka malire kucokera ku dziko la Apwitikizi, pothawa thangata ndi msonkho, makamaka itatha nkhondo ya Makombe ya caka ca 1917. Anadza ndi miyambo yao ya ukwati wa malowolo ndi ya maliro. Pakati pa iyo pali mwambo wa kupita kufa. Anthu akhulupirira kuti imfa isiya cidetso pa nyumba ndi pa katundu wa wakufa, ndi kuti cidetsoco cidzapha ena ngati wamasiye salowa m'nyumba ndi mwamuna. Ndipo posowa mbale wobvomera, alemba munthu wochedwa fisi. Mipingo inaletsa mwambowu. Nthenda ya Edzi itapezeka m'Malawi caka ca 1985, mwambo umene anauyesa wocotsa imfa unasanduka njira yace ya imfa. Caka ca 2013 Boma linaika lamulo loletsa miyambo yozunza akazi, ndipo caka ca 2016 munthu wina wa ku Nsanje anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri cifukwa ca nchito ya ufisi.

Nanga cifukwa ninji mkazi wa mpingo, woyimba m'kwaya, abvomera cinthu cotere? Kawiri kawiri sikuti wataya cikhulupiriro cace. Iye adziwa kuti akakana, ndipo mwezi wa mawa mwana wa mlamu wace akatsokomola, mlandu udzagwa pa iye. Adzamucha mfiti, nadzamlanda munda ndi mbuzi, nadzamcotsa pa mudzi. Abale a mwamuna ali naye usana ndi usiku. Akulu a mpingo anayimba pa manda, nabalalika. Lamulo loletsa liri m'buku la mpingo, koma tsiku la mwambo palibe Mkristu woima pakhomo pace. Potero kusiyana kwa cibvomerezo ndi macitidwe kumene tikuona mwa mkaziyo kuli mwa mpingo wonse, umene ulalikira kuti Mulungu asunga amasiye, koma suoneka pa tsiku lowasunga.

VI. Zimene mbiri iyi itiphunzitsa

Coyamba, tisanaimike munthu pa Mgonero, tifunse cimene anaopa. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ndipo wofuna kuwatembenuza sawakalipira, koma akumba ngalande yina yakuya koposa. Anthu abwerera kwa ula, ku Khulubvi ndi kwa fisi pa malo amene mpingo wasiya osafikapo: pa nthenda ya usiku, pa cirala, pa sabata yotsata maliro. Mvula ikacedwa, mphunzitsi asonkhanitse mudzi wonse kupemphera poyera, ndipo aitanenso mfumu. Mwana akadwala, mkatekisti afike msanga, napemphere, nathandize kupeza njinga kapena bwato la ku cipatala. Mwamuna akafa, akazi a mpingo agone kwa wamasiye kufikira tsiku la kumeta litapita, ndi akulu alankhule ndi eni mbumba ndi mfumu poyera, kuti mkaziyo asayankhe yekha.

Caciwiri, kumvetsa mantha a munthu sikuli kubvomereza kucita kwace. Mapanga awiri abvumbwitsa. Ndipo mwambo wakupha amasiye ndi kuononga ana akazi uyenera kutha. Koma tisiyanitse miyambo. Kugona pa siwa, kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro, kulemekeza apongozi, kulandira mlendo, izi Uthenga suzitsutsa, ndipo Mkristu ayenera kuposa anzace pa izo. Wophunzitsa wonyoza zonse za makolo pamodzi acititsa anthu kubisa zoipa ndi zabwino zomwe, ndipo pamenepo abala Akristu a nkhope ziwiri.

Cacitatu, ndico cacikuru, mbiri ya cigwa isonyeza kuti anthu anayamba kupenya wophunzitsa asanamve ciphunzitso. Anapenya mfuti ya Mackenzie ndi manda a Scudamore, lonjezo la Waller ndi mkwiyo wa Fenwick. Atipenya ifenso. Apenya ndalama za copereka ngati ziwerengedwa pamaso pa mpingo; apenya ngongole ya mphunzitsi ngati ibwezedwa; apenya mayendedwe ace ndi asungwana a m'sukulu. Cigwa cino ndi ca madzi osefuka, monga tinaona caka ca 2015 ndi caka ca 2023. Ndipo pa nthawi yotere, cimanga ca cithandizo cikapitira m'manja mwa akulu a mpingo, anthu apenya ngati maina a abale ao a akuluwo alembedwa patsogolo pa nkhalamba zopanda mwana. Ulaliki wa caka cathunthu ukhoza kugwa ndi thumba limodzi lobisika.

Kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse a m'Malawi, 77 adzicha Akristu. Ciwerengero ico ndi ca okhulupirira, pakuti wolemba afunsa munthu, nalemba yankho lace. Okhulupirika sawerengedwa motero. Cifukwa cace, abale, poyesa a m'kalasi ofuna ubatizo, musakhute ndi mayankho a katekisma okha; funsaninso anansi ao, ndi akazi ao, ndi iwo amene acita nao malonda a nsomba ndi thonje. Ndipo pophunzitsa za mathero a aneni m'sukulu, lembani pa bolodi mau awiriwa, kukhulupirira ndi kukhulupirika, wina pansi pa mnzace; ana aone tsinde limodzi, achule mathero ace, napereke zitsanzo za anthu a m'mudzi mwao amene ayenera maina onse awiri.